Mlonda Amene Loyce Anakana Kumuzimitsa

Sajeni Mirriam Kadzuwa anatsika panjinga yamoto fumbi lili koboo, n'kuyang'ana khamu limene linali pakhomo pa ofesi ya sikimu ya mpunga ya Tilimenawo. Amuna ndi akazi anali ndi makasu m'manja, matope atawaumira m'miyendo. Panalibe woseka. Inali isanakwane naini koloko, koma dzuwa la Okutobala linali litayamba kale kuluma pakhosi.

Wapampando wa sikimuyo, bambo Silvester Kamtema, anamuchingamira atavala jekete ngati kuti kutenthako kunali kwa anthu ena.

"Mwachita bwino kufulumira, Sajeni. Nkhaniyi ndi yaifupi. Mtsikana ali m'katimu watseka kompyuta ya alimi. Lero Lachinayi, tsiku lachitatu. Mutengeni."

"Watseka bwanji?"

"Ine za makompyuta sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ndandanda ya madzi yasiya kufika m'mafoni a akapitawo. Dzulo anthu anatsala pang'ono kutemana pageti la ngalande yaikulu. Mpunga ukuuma. Ndamuuza kuti atsegule, wandiyankha mwano."

M'kati munali mayi wachitsikana atakhala pampando kutsogolo kwa kompyuta, manja atapinda pachifuwa. Ameneyu anali Loyce Ndau, amene anaika makinawo, oyendera sola, zaka ziwiri zapitazo ndipo ankawasamalira. Sanaimirire.

"Ngati mwabwera ndi unyolo, manja ndi awa," anatero. "Koma pampando pano sindichoka ndekha."

Mirriam anakoka benchi n'kukhala pansi. "Unyolo ndiliko nawo, koma sukuthawa. Ndifotokozereni ngati munthu amene sanakhudzepo kompyuta."

Loyce anamuyang'ana kanthawi, kenako anamasula manja.

"M'kompyutamu muli mapulogalamu angapo, iliyonse ndi ntchito yake. Ina imatumiza ndandanda ya madzi m'mafoni. Ndiye pali lamulo la chitetezo, ife timangoti mlonda, limene limauza pulogalamu iliyonse mafayilo amene ikuloledwa kutsegula. Ya madziyi imaloledwa kuwerenga ndandanda basi. Kuyambira Lachiwiri masana, ikufuna kutsegula fayilo yosunga mawu achinsinsi a anthu onse olowa m'kompyutamu. Mlonda akuikaniza. Ikakanizidwa, ikuima."

"Fayilo imeneyo imaifuna pa ntchito yake?"

"Zaka ziwiri sinaifunsepo. Wina waisintha. Waiuza kuti ikope fayiloyo n'kuisunga pambali, kudikira fulashi, kachipangizo konyamulira mafayilo, imene inabweretsa chinyengochi kuti idzatenge."

"Ndiye wapampando akufuna mutani?"

"Ndizimitse mlonda. Ndikatero ndandanda iyenda, inde, koma mphindi yomweyo mawu achinsinsi akopedwa. Amasungidwa osokonezedwa, ngakhale ine sindingawawerenge, koma munthu wodziwa akakhala nawo masiku angapo amawamasula."

"Bwanji osangochotsa chimene chaikidwacho?"

"Ndikachotsa ndafufuta umboni, mawa adzati ndinali ine. Kuti alimi asavutike, ndandanda ndalemba pamanja n'kumata pachitseko. Wapampando aing'amba kawiri. Akuti si yovomerezeka."

Mirriam analemba mawu amenewo m'kabuku kake n'kuwadula mzere kunsi. Loyce anamupatsa pepala losindikizidwa, n'kuloza ndi chala mizere itatu. Lachiwiri, 12:41, munthu analowa m'kompyuta ndi dzina la wapampando. 12:43, analowetsa fulashi ya nambala yothera 7C4E. 12:47, mlonda anakana koyamba.

"Inu munali kuti nthawi imeneyo?"

"Ku Manjawira, pamaliro a azakhali anga. Ndinali m'gulu loimba, mpingo wonse unandiona."

"Makiyi a ofesi ino ndi angati?"

"Atatu. Anga, a wapampando, ndi a mayi Zelesi Mlanda, alembi a sikimu."

"Funso lomaliza. Pa mawu achinsinsi onsewo, ofunika kwambiri ndi a ndani?"

Loyce sanachedwe. "A mayi Zelesi. Ndi okhawo amene angasinthe dzina la mwini puloti m'kaundula wa minda."

* * *

Bambo Kamtema anali pansi pa mtengo wa mango akudzikupiza ndi nyuzipepala.

"Lachiwiri? Ndinali ku boma, kumsonkhano wa zamthirira. Ndinanyamuka sikisi koloko, ndinabwera dzuwa litapendeka. Ndinasaina m'buku. Funsani."

"Koma kompyuta ikuti munalowa inuyo masana."

"Ndiye mukuona! Mtsikanayo akuyenda ndi dzina langa ngati chitenje chobwereka. Ndani wina angadziwe zimenezo?"

"Kiyi wanu anali kuti?"

"Sachoka m'thumba muno." Anamenya jekete. "Sajeni, ine ndakhala wapampando zaka zisanu ndi ziwiri. Sindingamayankhe mafunso ngati wakuba nkhuku. Folo koloko ndaitana komiti ndi alimi. Kubwera katswiri wina, atsegula kompyutayo pamaso pa onse. Inu ntchito yanu ndi kuchotsa mtsikanayo pampando."

"Katswiri wake ndani?"

"Mudzamuona."

Mirriam anapita kuseri kwa ofesi n'kuimbira mnzake wa ku boma. Anadikira mphindi khumi foni ili m'manja. Itaitana, yankho silinali limene ankayembekeza. Bambo Kamtema analidi kumsonkhanoko. Anasaina m'mawa, analankhula isanakwane wani koloko, ndipo analipo pachithunzi cha gulu.

* * *

Mirriam anawapeza mayi Zelesi ali m'puloti mwawo, akuzula udzu m'nthaka imene inali itayamba kung'aluka. Anali mayi wamfupi, wa mawu okhuthala. Sanasiye ntchito.

"Kiyi wanga? Nayu." Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje. "Ndimagona naye, ndimasamba naye. Lachiwiri ndinali pompano ndi azimayi asanu ndi mmodzi, tinkathandizana kupalira. Muwafunse, ngati muli ndi nthawi yomvera nkhani za apongozi awo."

"Alipo amene anakufunsanipo mawu anu achinsinsi?"

Mayi Zelesi anaweramuka, nagwira m'chiuno.

"Mwezi watha. Wapampando. Akuti ine ndakula, maso avuta, ndiwapatse kuti azindithandiza. Ndinawauza kuti ngakhale malemu amuna anga anapita osadziwa pamene ndimabisa mbewu."

"Anakwiya?"

"Anaseka. Kuseka kwa mano okha. Patapita sabata ndinawaona akuyenda m'mbali mwa ngalande yaikulu ndi bambo wina wa galimoto yoyera, wa nsapato zosayenera matope. Ankaloza mapuloti. Kumeneko, mwanawe, ndiye kumene madzi amafika koyamba. Ambiri olima kumeneko ndi azimayi amasiye, anapatsidwa dala poyamba pomwe kuti asamalimbane ndi amuna pamageti."

"Munawafunsa?"

"Akuti ndi mlendo wodzaphunzira. Wophunzira amafunsa mafunso, uja ankayeza mapuloti ndi mapazi." Anaweramanso, kenako anatembenuka. "China. Lolemba ndinapita kukagula mchere pamsika. Ndinawapeza wapampando kwa Aziza akupangitsa fotokope. Ku ofesi makina osindikizira alipo, pepala lilipo. Munthu amasiyiranji chitsime pakhomo n'kukatunga kutali?"

* * *

Sitolo ya Aziza inali pamsewu, pakati pa telala ndi kashopu kokonza mafoni. Munali chilichonse, kuyambira sopo mpaka mabatire, ndipo pakona panali makina a fotokope ofunditsidwa nsalu. Aziza anali mayi wolankhula mothamanga, manja osakhala phee.

"Iii, Sajeni, Lachiwiri musandikumbutse! Magetsi anazima teni koloko, anabwera itadutsa fili. Mafilizesi anga onse anasanduka madzi. Msika wonse unali zii, ngakhale wailesi."

"Msika wonse? Ndi shopu ya mafoniyi?"

"Waya wake ndi umodzi ndi wathu. Komanso mwini wake, Nicholas, sanalipo. Anatseka shopuyo amuna anga, a Sumani, asanapite ku mzikiti kukaswali masana. Ndikukumbuka chifukwa kunabwera mayi wina kudzatenga foni yake, anakhala pakhonde panga ola lathunthu akudandaula."

"Nicholas ameneyu ndi ndani?"

"Simukumudziwa? Mphwawo wa wapampando, mwana wa mlongo wawo. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ntchito inasowa, ndiye anabwerera. Munthu wabwinobwino, koma malume ake akatsokomola iye amadzidzimuka. Shopuyo anamutsegulira ndi iwowo."

"Mumagulitsa mafulashi?"

"Atatu ndinabweretsa, awiri ndi awo apachikidwawo. Imodzi anagula Nicholas yemweyo Lolemba."

Mirriam anayang'ana makina a pakona aja. "Lolemba lomwelo wapampando anapangitsa fotokope. Inali ya chiyani?"

"Ine sindiwerenga za anthu, Sajeni. Anaimirira pomwepa ngati akulondera mkaka pamoto. Koma makinawa ndi okalamba, anatafuna pepala limodzi. Iwo anaona ngati latuluka lonse. Ndinalichotsa madzulo." Anafufuza m'katoni ya mapepala okulungira katundu. "Ili. Likanapita ndi misomali ya munthu."

Pepalalo linali lokwinyika, koma mawu ankaoneka. Pamwamba panalembedwa kuti mapuloti osintha eni ake. Kunsi kwake kunali mayina khumi ndi asanu ndi awiri, lililonse ndi nambala ya puloti, ndipo onse ankapita kwa kampani imodzi ya dzina lachingerezi. Pansi penipeni panali mawu akuti: wosintha m'kaundula, Zelesi Mlanda, mlembi.

Mirriam anawerenga mayinawo mmodzimmodzi. Atafika pa lomaliza, anatembenuzira pepalalo kwa Aziza.

"Mayi awa mukuwadziwa?"

Aziza anawerenga, n'kugwira pakamwa.

* * *

Nicholas anali bambo wa zaka ngati makumi atatu, wa malaya ositidwa bwino. Anali ataweramira foni yotsegulidwa pamimba, utsi wa chitsulo chowotcherera ukukwera.

"Lachiwiri, madamu? Ndinali pompano tsiku lonse. Bize kwambiri. Ndinkawotcherera mafoni, ena ali pa chaji. Sindinadye n'komwe."

"Masana onse?"

"Osasuntha."

Mirriam anayang'ana waya wa chitsulocho umene unalowa pakhoma. M'shopumo munalibe batire, padenga panalibe sola. Analemba m'kabuku kake.

"Ndamva kuti kubwera katswiri ku Tilimenawo."

Nicholas anamwetulira. "Ndine amene. Malume andipempha. Ndi vuto laling'ono, madamu. Chitetezo chija chimangovutitsa, ambiri amachizimitsa. Loyce akungofuna kuoneka wofunika."

"Mudzatha popanda iye kukupatsani mawu ake achinsinsi?"

"Ndili ndi zida zanga." Anagwira thumba la malaya pamene panatukuka kanthu kakang'ono ngati chala.

"Chabwino," anatero Mirriam akutseka kabuku. "Pampando paja ndimuchotsa ndine."

* * *

Pofika folo koloko ofesi inali itadzaza. A komiti anakhala pamabenchi, alimi anaima m'mbali mwa khoma, ena anasuzumira pamawindo. Loyce anali pomwe paja.

"Achemwali, imirirani," anatero Mirriam.

Loyce anamuyang'ana ngati wamulavulira. "Ndimayesa mwamva zimene ndinakuuzani."

"Ndamva. Imirirani."

"Ayi. Mundikoke. Anthu onsewa aone kuti sindinachoke ndekha, kuti tsiku limene minda yawo idzasowe adzakumbuke."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Wina pawindo anakuwa kuti mpunga sudya makani. Mirriam anawerama ngati akumugwira mkono, n'kumunong'oneza: "Siyani poonekera pamene kompyuta imalemba zochitika. Mlonda musamukhudze. Ndikhulupirireni mphindi ziwiri zokha."

Loyce anamuyang'ana m'maso. Kenako anadina mabatani angapo, naimirira, n'kukaima pambali penipeni pa kompyutayo.

"Mphindi ziwiri," anatero mokweza. "Akayesa kuzimitsa mlonda, ndizula waya."

Bambo Kamtema anakodola Nicholas. Iye anakhala pampando, anatulutsa fulashi m'thumba n'kuilowetsa. Pagalasi la kompyuta panatuluka mzere watsopano.

"Dikirani pomwepo," anatero Mirriam. "Manja pamwendo." Anaitana bambo wina wa komiti amene anali ndi magalasi. "Bambo, tiwerengereni zilembo zinayi zomaliza pa mzere watulukawu."

Bamboyo anawerama. "Seveni, C, folo, E."

"Tsopano werengani apa. Ili ndi pepala la zimene zinachitika Lachiwiri masana, pamene munthu analowa muno n'kusokoneza pulogalamu ya madzi."

"Seveni, C, folo, E." Bamboyo anavula magalasi. "Ndi yomweyo."

Anthu onse anatembenukira kwa Nicholas.

"Mafulashi amafanana, madamu," anatero Nicholas.

"Maonekedwe amafanana, nambala ayi," anayankha Loyce.

"Komanso munandiuza kuti munkawotcherera mafoni masana onse," anatero Mirriam. "Magetsi anazima teni koloko mpaka fili. Munkawotcherera ndi chiyani, dzuwa? Shopu yanu inali yotseka. Munalowa muno ndi kiyi, munalowa m'kompyuta ndi dzina la malume anu. Anakupatsani ndani?"

Nicholas anayang'ana malume ake. Bambo Kamtema anaimirira, nakonza jekete.

"Anthu inu, ndachita manyazi. Mwana uyu ndamulera ndekha. Sindinadziwe kuti angandibere kiyi ndili ku boma. Sajeni, lamulo ligwire ntchito. Ine ndasamba m'manja."

"M'mawa munati kiyi sachoka m'thumba mwanu."

"Munthu amaiwala."

Nicholas anaweramitsa mutu. Mirriam anaona kuti munthuyo watsimikiza kusenza yekha mlanduwo. Anatulutsa pepala lokwinyika lija n'kulipereka kwa mayi Zelesi.

"Mayi, pepala ili linatsalira m'makina a fotokope Lolemba. Likuti mapuloti awa muwasintha ndinu, apite kwa kampani ina. Dzina lanu lili pansipo. Tiwerengereni."

Mayi Zelesi analitalikitsa pepalalo, naliyandikitsa, kenako anakweza mawu ngati akuitana mayina kumsonkhano.

"Tisunge Mbewe, puloti folo."

"Ndilipo!" anayankha mayi wina pawindo, modabwa.

"Thandi Ngozo, puloti sikisi."

"Ine? Ndalakwa chiyani?"

Mayina anapitirira. Aliyense wotchulidwa ankayankha, ndipo phokoso linkakula. Bambo Kamtema anayesa kulankhula, koma mayi Zelesi anangokweza mawu kuposa iwo. Atafika pa dzina lomaliza anaima. Anayang'ana wapampando nthawi yaitali.

"Veronica Kamtema, puloti twente-wanu."

Kumbuyo, pafupi ndi chitseko, mayi wina woonda wa mpango wakuda anasuntha. Anthu anamupatsa njira. Anali mlongo wake wa wapampando, mayi ake a Nicholas.

Nicholas anadzuka pampando. Analanda pepalalo m'manja mwa mayi Zelesi n'kuliwerenga yekha.

"Malume," anatero, "munati ndi mapuloti a anthu amene anasamuka. Munati palibe amene alire."

"Khala chete, iwe!"

"Munandipatsa kiyi Lolemba madzulo, kuseri kwa shopu. Mawu anu achinsinsi munandilembera pachikhatho. Munati mukakhale ku boma dala kuti anthu akuoneni. Munati zikadziwika, dzina lidzakhala la mayi Zelesi." Anatembenukira kwa Mirriam. "Lembani, madamu. Mauthenga awo onse ali m'foni mwangamu. Sindinafufute."

"Ine ndine wapampando wa sikimu ino!" anakuwa bambo Kamtema. "Palibe amene angandigwire pamaso pa anthu anga!"

"Anthu anu ati?" anafunsa mayi Zelesi. "Awa mwawagulitsawa?"

Mirriam anatulutsa unyolo. Amuna awiri a komiti anali ataima kale pakhomo, ndipo bambo Kamtema ataona nkhope zawo anatambasula manja okha.

"Achemwali," anatero Mirriam kwa Loyce, "ndikoperereni umboni wonse, a komiti awiri asaine. Mukatero konzani pulogalamu yanu."

Loyce anali atakhala kale pampando wake. "Theka la ola," anatero osatembenuka. "Akapitawo asapite patali."

Potuluka, mayi Veronica anaima pakati pa khomo. Mirriam anaganiza kuti apempha chifundo, monga amachitira makolo ambiri, ndipo anakonzeka kuwayankha mofatsa. Koma mayiwo sanayang'ane wapolisi. Anayang'ana mchimwene wawo.

"Achimwene, puloti ija ndinaisalaza ndi manja awa chaka chimene ndinaika amuna anga m'manda. Inu munabwera kudzapepesa, munadya mpunga wake." Bambo Kamtema anayang'ana pansi. Mayiwo anatembenukira kwa mwana wawo, namukonza kolala ya malaya imene inapindika. "Iwe, pita ukanene zonse. Usakasiyeko ngakhale liwu limodzi, ngakhale lokupweteka iwe mwini."

"Amayi, mubwera kupolisi?"

"Mawa," anatero mayi Veronica akutola khasu lawo pakhoma. "Lero ndi tsiku langa la madzi."